Kunsi kwa Joni Kulibe Woitanira

(Nyimbo yotsegulira, kenaka itsike pang'onopang'ono)

Tcherani khutu, omvera nonse m'boma lathu la Chiradzulu. Amayi amene mukuomola nsima, omolani bwinobwino, koma khutu limodzi litsalire kuno. Abambo amene mwangotula khasu, kokerani mpando pafupi ndi wailesi. Ana a sukulu musathawe ayi, chifukwa kumapeto kwa pulogalamu ino kuli ntchito yanu.

Madzulo ano tikwera sitima. Si ya pamadzi ngati Ilala, sinso ija imalira mu Limbe itanyamula katundu. Tikwera sitima yoyenda pansi pa nthaka, kunsi kwa nyumba, kunsi kwa misewu ndi masitolo. Mzinda wake si wachilendo m'makutu mwathu. Ndi Johannesburg, ku Joni konkuja, kumene pafupifupi mudzi uliwonse kuno uli ndi mwana, mlamu kapena mkamwini.

Ulendo wathu uyenda chonchi. Tiyambira pa siteji ya minibasi imene tonse timaidziwa. Kenaka tifunsa chimene chinachititsa anthu kukumba njira pansi ngati mfuko. Tikatero titsikira m'sitimamo ndi kuyenda siteshoni ndi siteshoni. Pomaliza tibwerera kwathu kuno, tidzifunse chimene tatolapo.

Koma tisananyamuke, ndikupatseni kamba wa paulendo. Ndi mafunso atatu okha. Ndikwere njira iti? Ikuthera kuti? Ndisinthire pati? Asungeni, tiwabwereza kangapo.

Tiyeni tiyambe ndi zathu. Muli mu Limbe, mwagula katundu wanu, mukufuna kubwerera ku Namadzi. Kodi pali minibasi yolembedwa kuti Namadzi? Nthawi zambiri ayi. Mumatchera khutu, mumve woitanira akufuula kuti "Zomba! Zomba! Mmodzi yekha tinyamuke!" Inu simukupita ku Zomba, koma mukudziwa kuti ya ku Zomba idutsa pa Njuli, idutsa pa Mbulumbuzi, ifika pa Namadzi. Ndiye mwakwera. Taonani chimene mwachita osazindikira. Mwasankha galimoto poyang'ana dzina la kumene ikuthera, osati dzina la kumene mukutsikira.

Nanga munthu wa ku Namadzi yemweyo akafuna kukaona wodwala ku Mulanje? Akwera yopita ku Limbe, atsika, ayenda pang'ono, akwera ina ya ku Mulanje. Limbe ndiye posinthira pake. Palibe amene anamuphunzitsa zimenezi m'kalasi. Anazidziwa ndi mapazi.

Ndiye ndikuuzeni chinsinsi, abale anga. Munthu amene amadziwa kukwera minibasi mu Limbe, nzeru yokwerera sitima ya pansi pa nthaka ali nayo kale. Kusiyana kwake ndi kumodzi kokha, koma ndi kwakukulu. Kunsi kuja kulibe woitanira. Kulibe mnyamata wokulandani chikwama kuti mukwere yake. Kulibe kondakitala woti mumuuze kuti "Achimwene, mundikumbutse tikafika." Kulibenso phiri la Chiradzulu loti muliyang'ane pawindo n'kudziwa kuti mwayandikira kwanu. Kunja kwa windo kuli mdima basi. Chimene chimakutsogolerani ndi dzina lolembedwa pachikwangwani, ndi mawu olengezedwa m'sitimamo.

(Kanyimbo kakafupi)

Tsopano funso lija. Anthu a nzeru zawo, kusiya mtunda woyera, dzuwa likuwala, n'kukakumba njira pansi, chinawavuta n'chiyani?

Amene munayendapo pa msewu wa Masauko Chipembere pakati pa Limbe ndi Blantyre nthawi yoweruka, yankho mwaliona ndi maso. Galimoto zimangondandana, woyenda pansi n'kumakupitirirani. Mzinda ukakula, anthu amachuluka koma msewu sukula nawo. Kuti muukuze, muyenera kugwetsa nyumba, masitolo, matchalitchi ndi mizikiti. Malo aulere amene amatsala ndi awiri okha, m'mwamba kapena pansi.

Oyamba kusankha pansi anali a ku London, ku Mangalande, m'chaka cha 1863. Taganizani, nthawi imeneyo kuno kwathu njanji inali isanalotedwe n'komwe. Njanji yathu yoyamba, yochokera ku Nsanje kudzera ku Luchenza ndi Limbe, inafika mu Blantyre m'chaka cha 1908. Anzathu a ku London aja anakumba ngalande yaikulu m'kati mwa msewu, n'kuyala njanji, n'kufotsera pamwamba, msewu n'kubwerera mwakale. Koma sitima za nthawi imeneyo zinali za malasha. Ganizirani kusonkha moto wa nkhuni zaziwisi m'nyumba yopanda zenera. Anthu ankatuluka akutsokomola, maso ali psuu. Komabe ankakwera mwaunyinji, chifukwa utsi wa pansi unali wopiririka kusiyana ndi kuthithikana kwa pamtunda. Magetsi atabwera, utsi unatha, ndipo anayamba kukumba mozama kwambiri.

Njira yoyamba ija inkatchedwa Metropolitan, ndipo dzina loti metro, limene mizinda yambiri imatchulira sitima zoterezi, likuchokera ku mawu amenewo. Muno mu Africa, mzinda woyamba kukhala ndi metro unali Cairo ku Egypt, m'chaka cha 1987. Kumeneko sitima imadutsa ngakhale kunsi kwa mtsinje wa Nile. Ngalawa zili pamwamba, anthu ali pansi pa madzi, akuwerenga nyuzipepala.

Koma ife tatsala ndi ulendo wa ku Joni. Tiyeni tibwerere kum'mwera.

Agogo amene mukumvera, nkhani yolowa pansi pa nthaka ya ku Joni si yatsopano kwa inu. Mzinda umene uja unabadwa chifukwa cha golide amene anapezeka m'chaka cha 1886, ndipo amuna a m'dziko muno anali m'gulu la amene anamukumba. Ankalembedwa ndi bungwe la Wenela, ndipo mpaka lero depoti ya mabasi mu Blantyre timaitchula dzina lomwelo. Ankatsika ndi chikepe m'bandakucha, nyali ili pamphumi, n'kukatuluka dzuwa litapendeka. Ena anabwera ndi njinga, wailesi ndi jekete. Ena anabwera ndi chifuwa chosamva mankhwala. Ena anatchona. M'chaka cha 1974 ndege yonyamula anthu ochokera ku migodi inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, ndipo Amalawi oposa 70 anathera pomwepo. Boma la Dr. Kamuzu Banda linaimitsa kulemba anthu a ku migodi chifukwa cha ngozi imeneyo.

Lero zidzukulu za amuna amenewo zikulowanso pansi pa nthaka yomweyo. Koma m'malo mwa nyali ya pamphumi, zanyamula khadi m'thumba. Sitima yake dzina lake ndi Gautrain. Dzinali analumikiza Gauteng, chigawo chimene muli Johannesburg ndi Pretoria, ndi mawu a Chingerezi otanthauza sitima. Gauteng m'Chisutu ndiye kuti malo a golide. Mwaona, golide uja sanachoke m'nkhaniyi.

Ndinene mwachilungamo kuti Gautrain siyenda pansi njira yonse ngati zina za ku London. Njanji yake yonse ndi yotalika makilomita 80, kuposa mtunda wochoka ku Limbe kukafika ku Zomba. Mwa amenewo, makilomita 15 ndiwo ali pansi pa nthaka. Masiteshoni onse alipo 10, ndipo atatu mwa iwo ali pansi. Koma kum'mwera kuno kwa Africa, iyi ndiyo sitima imene ingakulawitseni ulendo wa mumdima wa pansi pa mzinda. Inayamba kunyamula anthu mu June chaka cha 2010, patatsala masiku ochepa kuti mpikisano wa mpira wa dziko lonse uyambe m'dzikomo. Anaimanga pofuna kupepuza msewu waukulu wa pakati pa Johannesburg ndi Pretoria, umene unkadzaza galimoto m'mawa ndi madzulo.

(Kanyimbo kakafupi)

Ngati mwangotsegula wailesi, tikukamba za sitima ya pansi pa nthaka ya ku Johannesburg, ndipo kamba wathu ndi mafunso atatu. Ndikwere njira iti? Ikuthera kuti? Ndisinthire pati? Tsopano mangani nsapato, tikutsika.

Njira zake ndi ziwiri zokha. Ingoganizani mtengo wa mphanda. Thunthu likuchokera kum'mwera. Nthambi yaitali ikulowera kumpoto, ku Pretoria. Nthambi yaifupi ikupatukira kum'mawa, ku bwalo la ndege. Tiyamba ndi yaitaliyo.

Siteshoni yoyamba ndi Park. Dzina limeneli ambiri mwalimvapo pafoni. Mwana wanu akakwera basi mu Blantyre, n'kutulukira pa Mwanza, kuwoloka Zambezi pa Tete, kudutsa Harare, kuwoloka pa Beitbridge, kawirikawiri amakatsikira pa Park Station kapena m'misewu yoyandikana napo. Pamenepo pamakumana mabasi, matakisi ndi sitima wamba zotchedwa Metrorail. Gautrain ili ndi khomo lakelake pambali. Mukalowa, mumatsika masitepe oyenda okha, phokoso la mumzinda n'kumazilala kumbuyo kwanu.

Chitseko chatsekeka chokha. Sitima yanyamuka popanda kugwedeza. Pawindo mukungodziona nkhope yanu. Pamwamba pa mutu wanu pali nyumba zosanja, misewu, mitengo ndi anthu amene sakudziwa n'komwe kuti mukudutsa.

Chigawo ichi chinavuta kukumba. Mbali ina anaboola ndi chimakina chachikulu chozungulira kumaso, chimene chinkapera mwala kutsogolo uku chikumanga khoma kumbuyo. Anachipatsa dzina la Chizulu loti Imbokodo, kutanthauza mwala woperera, ngati mphero ya agogo. Mbali yotsalayo anaphwanya ndi zophulitsira miyala, monga amachitira ku migodi. Atamaliza, madzi a pansi anayamba kulowa mopitirira muyeso, ndipo chigawo cha pakati pa Park ndi Rosebank chinachedwa kutsegulidwa mpaka chaka cha 2012. Aliyense amene anakumbapo chitsime akudziwa kuti madzi a pansi sapanganika.

Mwina wina akufunsa kuti, nanga chitachitika china muli pansipo, muthawira kuti? Anyamata okumba mbewa, yankhani ndinu. Mbewa yochenjera sikhala ndi khomo limodzi. Imakumba una, n'kusiyanso mbuli yothawirapo. Akatswiri omanga njanjiyi anachita chimodzimodzi. M'njira monsemo anasiya zibowo zingapo zotulukira pamwamba, zoti opulumutsa anthu alowerepo pakagwa ngozi.

Siteshoni yachiwiri ndi Rosebank, nayonso ili pansi. Pamwamba pake pali maofesi, mahotela ndi masitolo. Yachitatu ndi Sandton, ndipo iyi muisunge bwino m'mutu. Ndiyo yozama kuposa zonse, pafupifupi mamita 45. Tiyerekeze nyumba yosanja ka 15, koma yomangidwa chozondoka, kulowa pansi. Mukatuluka pamenepo mumapezeka pakati pa chuma cha dzikolo: mabanki, msika wa masheya, ndi bwalo lokhala ndi chiboliboli chachikulu cha Nelson Mandela.

Kuchoka pa Sandton sitima imayendabe mumdima kanthawi, kenaka mwadzidzidzi kuwala kuli ngwee. Mwatuluka. Apa ndi pa Marlboro, siteshoni yachinayi, ndipo pafupi pomwepo pali Alexandra, dera lakale la anthu akuda, la nyumba zothithikana. Mphindi zochepa zapitazo munali kunsi kwa anthu olemera kwambiri mu Africa. Tsopano mukuyang'ana malata otsamirana. Mzinda ndi umodzi womwewo.

Kuyambira apa sitima imatambasula miyendo. Imatha kuthamanga makilomita 160 pa ola. Galimoto za pamsewu waukulu zimaoneka ngati zaima. Mufika pa Midrand. Mufika pa Centurion, pamene sitima imayenda m'mwamba, pa mlatho wautali wa zipilala. Nthaka ya kumeneko ili ndi mwala umene madzi amaudya pang'onopang'ono, n'kusiya mphako zoti tsiku lina pansi pangathe kutitimira, choncho zipilalazo anazizika mosamala kwambiri. Kenaka Pretoria, likulu la boma, mzinda umenenso muli ofesi ya kazembe wa dziko lathu. Ndipo pomaliza Hatfield, pafupi ndi yunivesite. Kuchoka pa Park kukafika pa Hatfield ndi mphindi 40 ndi pang'ono.

Tiwatchule pamodzi, ngati ana a sitandade wani. Park, Rosebank, Sandton. Atatu a pansi amenewo. Marlboro, Midrand, Centurion. Pretoria, Hatfield. Musavutike kuwaloweza onse. Gwirani awiri okha, a kunsonga: Park kum'mwera, Hatfield kumpoto. Chifukwa pachikwangwani cha pokwerera, dzina lalikulu limene mudzaone ndi la kumene sitimayo ikuthera. Mukufuna Pretoria? Funani yolembedwa Hatfield, monga muja wa ku Namadzi amakwerera ya ku Zomba.

(Kanyimbo kakafupi)

Tsopano nthambi yaifupi ija. Imayambira pa Sandton, imadutsa pa Marlboro, kenaka imapatukira kum'mawa. Imaima pa Rhodesfield, pamene munthu angasinthire ku sitima wamba, n'kukathera pa bwalo la ndege la OR Tambo, lotchedwa dzina la Oliver Tambo, mtsogoleri wa chipani cha ANC pa nthawi yolimbana ndi tsankho. Ndege zochokera ku Chileka zimakatera pomwepo. Kuchoka pa Sandton kukafika pa bwaloli ndi mphindi 15 zokha.

Tiyeni tiyese mafunso athu aja. Tiyerekeze kuti mayi wina wa kuno kwathu wapita kukaona mwana wake amene wabereka ku Joni. Tsiku lobwerera lafika, mwana wamugulira tikiti ya ndege, koma ali ku ntchito, sangathe kumuperekeza. Mayiyu ali pa Park. Achite chiyani?

Funso loyamba, ndikwere njira iti? Pa Park pali njira imodzi yokha, yopita kumpoto. Funso lachiwiri, ikuthera kuti? Ikuthera ku mbali ya Pretoria, osati ku bwalo la ndege. Ndiye akangokhala phee pampando, akudikira kuona ndege pawindo, akapezeka ku Hatfield, ndege yake itauluka. Apa ndi pamene funso lachitatu limapulumutsa munthu. Ndisinthire pati? Pa Sandton. Awerenge: Rosebank yoyamba, Sandton yachiwiri, atsike. Atsate chikwangwani cholozera ku bwalo la ndege, akwere yolembedwa OR Tambo. Akaiwala kutsika pa Sandton asalire, mwayi wina ulipo pa Marlboro, chifukwa njira ziwirizi zimayendera limodzi mpaka pamenepo. Akapitirira Marlboro, mphanda ija yamupita.

Mwaona? Sandton ndiye Limbe wa kumeneko.

Wina anena kuti, njira ziwiri zokha n'zosavuta, nanga mizinda ya njira zambirimbiri? Zoona. London lero ili ndi njira 11 ndi masiteshoni oposa 270. Koma mafunso ndi omwewo atatu, ndipo chimene chimathandiza ndi mapu a mtundu wina. Kale mapu a sitima za kumeneko ankajambulidwa motsata misewu yeniyeni, mizere ili piringupiringu ngati chingwe cha mbuzi. Munthu wina dzina lake Harry Beck, amene ntchito yake inali yojambula mayendedwe a mawaya a magetsi, anaona kuti munthu amene ali pansi alibe nazo ntchito zoti njanji yakhota pati. Chimene akufuna kudziwa ndi dzina la siteshoni yotsatira ndi pamene njira zikukumana. Ndiye anawongola mizere yonse, njira iliyonse ndi mtundu wake, posinthira n'kuikapo chizindikiro choonekera. Mapu akewo anatuluka m'chaka cha 1933, ndipo lero mizinda yambiri pa dziko lapansi imajambula motengera nzeru imeneyo, Gautrain yomwe. Mukadzaona mapu oterewa pakhoma, musadzachite nawo mantha. Ikani chala pamene muli. Pezani pamene mukupita. Tsatani mzere ndi chalacho, muone pamene mtundu ukusinthira.

Ndipo kufunsa sikuletsedwa. Kulibe woitanira, inde, koma kuli alonda ndi antchito ovala yunifolomu. Funsani amenewo, osati munthu wongokuyandikirani ndi nkhope yachifundo pakhomo la siteshoni. Safunsa anadya phula, koma wofunsa aliyense nayenso anabwera wopanda chikwama.

Mawu awiri okhudza kalipiridwe. M'sitimamu mulibe kondakitala wotolera ndalama, mulibenso kunenerera mtengo. Mumagula khadi, n'kuikamo ndalama monga timaikira mayunitsi m'foni. Polowa mumagunditsa khadiyo pa geti, geti n'kutseguka. Potuluka mumagunditsanso, makina n'kudula ndalama molingana ndi mtunda umene mwayenda. Ulendo wa ku bwalo la ndege ndiwo wokwera mtengo kuposa ena onse, choncho muziyamba mwaonetsetsa kuti m'khadi muli zokwanira. Malamulo ake ndi okhwima. M'sitima simudyedwa kanthu, simumwedwa kanthu, ngakhale chingamu. Chimanga chootcha chija timakukuta m'minibasi, kumeneko chikhale m'chikwama. Ndipo sitimayi siyenda usiku wonse, imaweruka usiku usanakule. Sidikiranso kuti idzaze. Nthawi ikakwana imanyamuka, kaya muli anthu atatu.

(Kanyimbo kakafupi)

Tatsala pang'ono kufika. Koma ndingakhale wabodza nditakusiyani ndi chithunzi chokoma chokhachokha.

Mukamuimbira mwana wanu amene ali ku Joni, mumufunse ngati anakwerapo Gautrain. Musadabwe akayankha kuti amangoiona ikudutsa. Sitimayi ndi yodula. Munthu wogwira ntchito ya m'nyumba, ya m'maluwa, ya m'sitolo kapena ya ulonda, amene mwezi ukatha ayenera kulipira lendi ndi kutumiza kangachepe kumudzi, amawerengera randi iliyonse. Ambiri amakwera matakisi, amene ndi minibasi ngati zathu zomwezi, kungoti kumeneko munthu amaimika ndi chizindikiro cha zala: kuloza chala m'mwamba ndiye kuti ukupita m'tauni. Ena amakwera Metrorail, imene ndi yotsika mtengo. Ngakhale eni dziko anadandaula pamene inkamangidwa. Inadya marandi oposa 25 biliyoni, koma ku Soweto, kumene kumakhala khamu la anthu ogwira ntchito, sinafike. Funso lawo linali lomveka: njanji ya golide imeneyi mwaimangira yani?

Funso limenelo ndi lathunso. Mapu a sitima amaonetsa zambiri kuposa njira. Amaonetsa amene mzinda unawaganizira, ndi amene unawaiwala.

Nanga kuno kwathu, tidzaiona sitima ya pansi pa nthaka pakati pa Limbe ndi Blantyre? Sitima yotere imafuna zinthu zitatu: khamu la anthu okwera tsiku ndi tsiku, magetsi osazimazima, ndi ndalama zochuluka zedi. Pa kalembera wa chaka cha 2018, mzinda wa Blantyre unali ndi anthu pafupifupi 800,000. Chigawo cha Gauteng chili ndi anthu oposa 15 miliyoni. Walira mvula walira matope. Dziko limene lifuna njanji ya pansi liyenera kulandiranso ngongole yake. Kwa ife, chosowa cha lero ndi msewu woti tomato ndi kabichi wa ku Chiradzulu afike mu Limbe asanaphwanyike, ndi mlatho woti mwana awoloke dzinja popita ku sukulu.

Koma pali zina zimene sitima ija ili nazo zosafuna kukumba ngakhale dzenje limodzi. Siteji iliyonse kukhala ndi dzina lolembedwa. Mtengo kudziwika usanakwere, wofanana kwa mlendo ndi kwa mwini mudzi, wosasintha chifukwa kwagwa mvula. Nthawi yonyamukira kudziwika, kuti mayi wopita ku sikelo asakhale maola awiri m'galimoto yodikira munthu mmodzi amene sakwana. Zimenezi si za magetsi. Ndi za mgwirizano. Inu a makomiti a pa siteji, inu madalaivala, inu a kabaza, inu mafumu ndi makhansala, taganizirani: pa zitatuzi, n'chiti chimene chingayambike pa siteji yanu chaka chino?

Tsopano ntchito ya ana a sukulu ija ndinalonjeza. Tengani pepala, kapena ingosalazani pabwalo ndi phazi mutenge kamtengo. Jambulani mzere wowongoka kuchokera ku Limbe kukafika ku Zomba. Musalabadire zokhotakhota za msewu. Ikani timadontho: Njuli, Mbulumbuzi, Namadzi, ndi masiteji ena amene mukuwadziwa. Jambulani mzere wina wa ku boma, wina wa ku Nguludi, wina wofika kumudzi kwanu, ngakhale ukhale wa njinga za kabaza. Pamene mizere yakumana, zungulizani. Mukatha, itanani agogo. Afunseni ngati mwalondola, ndipo ngati anapitako ku migodi kapena ali ndi mbale amene anapita, akuuzeni njira imene ankadzera ndi kumene ankasinthira. Mudzapeza kuti anthu a m'mudzi mwanu anayamba kalekale kuyankha mafunso atatu aja, ena osadziwa n'kulemba komwe dzina lawo, m'dziko la chilankhulo cha eni.

Ndiye tsiku lina mukadzaima pansi pa mzinda waukulu, kaya ndi Johannesburg, kaya ndi Cairo, kaya ndi London, mphepo ya sitima ikukuombani kumaso, woitanira kulibe, phiri la kwanu silikuoneka, mtima usadzagunde. Mudzakumbukire siteji ya mu Limbe. Ndikwere njira iti? Ikuthera kuti? Ndisinthire pati?

Amene muli ndi abale ku Joni, apatseni moni wathu mukamalankhula nawo usiku uno. Nsima ija isazizire.

(Nyimbo yotsekera)